Bawuti ya Kumanzere ya a Yoramu

Mukachoka pa Lizulu kulowera ku Ntcheu, musanayende mtunda woti n'kutopa nawo, pali kamsewu kafumbi kotsikira kumanzere. Mukakatsata mufika pa nyumba ya malata ofiira ndi dzimbiri, ndipo pambali pake pali shedi ya malata onyezimira, atsopano. M'nyumba yothonyayo mumagona anthu. M'shedi yosathonyayo mumagona galimoto. Pamenepo ndiye kwa a Yoramu Nzunga, ndipo ngati za malatazo mwazimvetsa, munthuyo mwamudziwa kale mbali yaikulu.

A Yoramu adapita ku Joni ndi Theba ali mnyamata woonda ngati bango. Pansi pa mgodi adangokhalako miyezi itatu. Kapitawo adaona kuti pakati pa munthu ndi fosholo, chonenepa chidali fosholo, choncho adawatumiza kugalaja ya pamgodipo kuti azikatsuka zitsulo m'parafini. Adatsuka zaka zisanu ndi zinayi, maso ali pa manja a amakaniko. Pobwerera kumudzi, anzawo adabwera ndi mawayilesi a mabatire asanu ndi atatu, majasi ofika m'mapazi, ena njinga, ena chifuwa chosamva mankhwala. A Yoramu adabwera ndi Valiyanti yobiriwira, yaitali ngati khonde la sitolo, imene adaigula kwa mzungu wina wachibunu amene maso adali atamuthera. Mudali mu 1988, ndipo galimotoyo n'kuti ili kale nkhalamba.

Lero ili ndi zaka zoposa makumi asanu, koma ikuyendabe. Siyenda tsiku lililonse, chifukwa imamwa petulo ngati ili pa ukwati. Ulendo wake ndi wa kutchalitchi, kuchipatala, ndi ku Boma kamodzi pa mwezi. Mbatata ya kachewere imene a Yoramu amalima imapita kumsika pa ngolo ya eni ake, yolipira. Valiyanti sinyamula zadothi, amatero pagulu. Achinyamata amadzajambulitsa nayo, kutsamira pa boneti ngati ndi ya bambo awo. Azungu odutsa pa msewu waukulu amaima n'kufunsa mtengo, a Yoramu n'kuwayankha ndi mawu amodzi okha amene adatsala nawo a kumgodi, okanitsitsa aja: "Hayikona."

Munthuyo samwa, sasuta, ngoma akati avine amaponda anzawo ataponda kale, ndipo ukulu wa mpingo adaukana kawiri. Chikhulupiriro chawo chenicheni n'chimodzi: galimoto iyenera kuima mowongoka. Injini itsokomole, hutala ikane kulira, zimenezo amazipirira. Koma mbali imodzi kutsika kuposa inzake, ayi. Amati n'chimodzimodzi mwamuna wamkulu kulowa pagulu mwendo umodzi wa buluku utapindika.

Apa mpofunika kufotokoza pang'ono, chifukwa a Yoramu mukakumana nawo adzakufotokozeranibe, mufune musafune, ngakhale pamaliro. Galimoto zambiri kutsogolo zimakhala ndi masipuling'i opiringizika aja. Valiyanti ilibe. Kunsi kwake kuli zitsulo ziwiri zazitali, zowongoka ngati minsi, china kumanja china kumanzere, zimene amakaniko amati matoshoni. Tayala likagunda mwala, chitsulocho chimapotoka pang'ono monga ichitira nsalu poifinya, kenaka n'kubwerera chokha. Toshoni iliyonse ili ndi bawuti yake pafupi ndi tayala. Mukaimanga bawutiyo, mbali imeneyo imakwera. Mukaimasula, imatsika. Basi. Nzeru yonse imene a Yoramu adaitenga ku Joni ndi imeneyi, ndipo adaigwiritsa ntchito pa banja lawo.

Paja atangobwera adakwatira. Mbeta adakaipeza ku Tsangano, Sellina, mwana wa alimi a kachewere, wa mfunda wa Nyoni, ndiye aliyense amangoti a Nanyoni. Tsiku loyamba kukwera Valiyanti, galimoto sidadziwe n'komwe kuti mwalowa munthu. Koma Mulungu adawadalitsa mayiwa, chaka ndi chaka, osadumphitsa. A Yoramu amadya za mu mphika womwewo, koma kumene zawo zimapita palibe akudziwa. Mpaka lero lamba amachita kumuwonjezera mabowo ndi msomali.

Atabadwa Lufina, mwana wawo wachisamba, tsiku lina adaima pa sitolo ina pa Boma, ndipo a Yoramu adaiona Valiyanti pa galasi la zenera itagwa phewa la kumanzere, kumene kudakhala a Nanyoni. Mtima udawapweteka.  Koma kuti awauze eni ake, mawu ake akadakhala otani? Adalingalira ulendo wonse wobwerera, ndipo pofika kunyumba n'kuti atapeza njira.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse a Nanyoni akakhala pa mpando wawo atavala za kutchalitchi, a Yoramu ankazungulira galimoto n'kugwada pa tayala la kumanzere.

"Mukutaninso pamenepo, abambo a Lufina? Tichedwa."

"Ndikuona mpweya."

Sankaona mpweya. Ankalowetsa kabango pakati pa tayala ndi madigadi, n'kuika chizindikiro ndi chikhadabo. Akaona kuti mpata wachepa, ankadikira Lachinayi, tsiku limene a Nanyoni amapita ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Pamenepo ankatseka chitseko cha shedi n'kuyamba ntchito. Munthu woti akhale pa mpando padalibe, ndiye ankaikapo mbatata. Ankathira m'thumba ndowa imodzi imodzi, mpaka galimoto itatsika kufika pa chizindikiro cha pa kabango paja. Ikafika pamenepo ndiye kuti a Nanyoni akwana. Pa mpando wa dalaivala ankaikapo za iwo eni, ndowa ziwiri ndi theka, kuwerengera ndi jasi lomwe.

Akatero ankakweza galimoto ndi jeke, kulowa pansi chagada, kuzunguza bawuti ya kumanzere theka lokha, kutuluka, kutsitsa jeke, kudumpha pa bampala katatu kuti zitsulo zikhazikike, n'kuyezanso mbali zonse ziwiri. Zikapanda kufanana ankayambiranso. Pofika nthawi yoti amayi aweruke, mbatata idali itabwerera pamalo pake, manja atasambidwa ndi sopo, a Yoramu ali pakhonde akuwerenga nyuzipepala ya mwezi watha. Chaka cha Lufina zidali ndowa zitatu. Mwana wachitatu adazifikitsa pa zinayi. Yachisanu idabwera yokha, popanda mwana.

Vuto lidali limodzi. Galimoto yokonzedwera a Nanyoni, eni akewo akatsika, inkadzuka mbali ya kumanzere ngati mwana wa sukulu wokweza dzanja. Ndiye a Yoramu ankawatsitsa mwachangu n'kuthamangira pa kachitunda kawo kopondetsapo matayala a kumanja. Paliponse adali nako: kutchalitchi pafupi ndi mkungudza, kuchipatala pa muzu wina, kumsika pa mulu wa dothi limene adachita kulikokera okha ndi phazi. Anthu ankangoti a Yoramu amakonda mthunzi.

Chaka chino Lufina adachira mwana wamwamuna ku Blantyre, ndipo a Nanyoni adapita kukathandiza. Adati akakhala masabata awiri, adakhala miyezi iwiri. Mkamwini wawo amagwira ntchito kophika buledi. Pobwera adatsika basi akuwala ngati adzola dzuwa, ndipo a Yoramu, poti ndi munthu wa maso a ntchito, adapereka moni uku mumtima akuwonjezera ndowa.

Lamulungu lake, podutsa pa mahampu a pa Lizulu, tayala la kumanzere lidakhudza madigadi. Khwee!

"Chalira n'chiyani?" adafunsa a Nanyoni.

"Mbuzi."

"Mbuzi pansi pa ine?"

"Za ku Mozambique zimalira choncho. Zimalira Chipwitikizi."

Lachinayi lidachedwa kufika. A Nanyoni atangokhota pa ngodya ndi yunifolomu yawo yoyera, a Yoramu adathamangira kosungira mbatata. Koma yabwino yonse idali itasokedwa kale m'matumba, kudikira lole ya ku Lilongwe. Zotsala zidali timbatata totayidwa posankha, tating'ono ngati mazira a nkhanga, tina tobiriwira, tina tolumidwa ndi khasu, toti tikapatsidwe nkhumba. A Yoramu adati ndowa ndi ndowa, toshoni sisankha. Adathira ndowa zisanu ndi imodzi m'matumba awiri, lalikulu pansi, laling'ono pamwamba, namanga lapamwambalo pakhosi.

Atalowa pansi pa galimoto adapeza vuto. Bawuti ya kumanzere idali itatsala ndi mazinga awiri okha. Zaka zonse zija zomanga theka theka zidali zitaimaliza. Adathira oyilo, adalowetsa paipi pa sipanala kuti akoke bwino, namanga mpaka bawutiyo idati gwa, kukana. Atatsitsa jeke n'kuyeza, mbali zidafanana, koma movutikira.

Zaka zonsezi ntchitoyi inkathera m'shedi, chitseko chili chotseka. Koma tsiku ili mtima sudakhazikike. Bawuti yofika pamapeto si yoidalira. Adafuna kukaimva pa mahampu omwe aja. Apa mpamene nzeru zidawathawa. Kuti anthu asafunse za matumba pa mpando wa kutsogolo, adatenga chitenje cha a Nanyoni pa chingwe, cha maluwa achikasu, naphimba nacho matumbawo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kuti chisauluke ndi mphepo, adachimanga ndi duku pamutu pa thumba laling'ono lija. Adabwerera m'mbuyo, adayang'ana, nakhutira kuti tsopano palibe angadziwe kuti ndi mbatata. Pamenepo adanena zoona.

Pa mahampu adadutsa katatu kupita, katatu kubwera, pakati pa msika, dzuwa lili paliwombo. Akafika pa hampu ankapendeketsa mutu kumanzere kuti amvetsere tayala, mpaka tsaya kukhudza duku. Galimoto ikadumpha ankatambasula dzanja n'kugwira thumba m'chiuno kuti lisagwe. Atamva kuti khwee uja watha adamwetulira mano onse, nasisita thumbalo pa phewa ngati kulithokoza.

Mayi Salome, ogulitsa kabichi m'mbali mwa msewu, tsiku limenelo adajomba ku Chigwirizano, ati chifukwa cha mutu. Maso okha adalibe vuto. A Nanyoni adawaona m'mawa akupita kutchalitchi ndi yunifolomu; nanga uyu wa chitenje chachikasu ndani? Foni idalira m'chikwama cha mayi wina pakati pa nyimbo yomaliza, ndipo asanati ameni nkhani idali itafika pa benchi ya kutsogolo: a Yoramu atenga wina, wojintcha bwino, wamanyazi, sayang'ana n'kumbali komwe.

A Yoramu pokhotera kunyumba, akuimba kamluzu, adapeza a Nanyoni ataima pakhomo la shedi, manja m'chiuno, kumbuyo kwawo amayi anayi a yunifolomu atandanda ngati kwaya. Adazimitsa injini. Adakhalabe pa mpando wawo.

A Nanyoni sadakuwe. Adapita mbali ya kumanzere, nagogoda pa galasi mwaulemu.

"Odi, mayi. Tsikani tidziwane."

Zii.

"Ndati tsikani. Mpando umenewo uli ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo sadafe."

"A Nanyoni," adatero a Yoramu ndi mawu a mwana wa mbuzi, "ameneyo sangayankhe."

"Oo, mwasankha wosalankhula kuti asakuululeni? Ii, taonani anzanga, wavala chitenje changa! Ndi duku lomwe!"

Adatsegula chitseko, adagwira duku lija, nakoka ndi mphamvu zonse za buledi wa ku Blantyre. Mutu udathothoka. Mayi wina adakuwa kuitana Ambuye. Thumba lidagwera pansi n'kumasuka, timbatata tidamwazika bwalo lonse, nkhuku n'kuthawira kudimba. Amayi a Chigwirizano adaseka mpaka wina adakhala pa dothi ndi yunifolomu yakeyo. Kenaka onse adakumbukira kuti ali ndi ntchito, ntchito yake yokauza ena, nabalalika.

Atatsala awiri, a Nanyoni adakhala pa bampala, galimoto n'kugwada pang'ono.

"Tsono ndiuzeni. Mwamuna wamkulu, wa zidzukulu, kuveka mbatata chitenje cha mkazi wake n'kumaizunguza pa msika. Ndi mankhwala a bizinesi?"

"Si mankhwala."

"Mutu?"

"Ndi toshoni."

Adafotokoza zonse, za galasi la pa Boma, za kabango, za Lachinayi. Poyamba ankalankhula mwamantha, koma pofika pa za bawuti adaiwala kuti ali pa mlandu, nayamba kujambula pansi ndi chala.

"Ndiye thumba ili ndine?"

"Matumba onse awiri."

"Ndowa zingati?"

"Zisanu ndi imodzi."

"Mudayamba liti?"

"Chibadwire Lufina."

A Nanyoni adatola kambatata kamodzi, kobiriwira mbali ina, kolumidwa ndi khasu mbali inayo. Adakayang'ana nthawi yaitali.

"Galimoto yanuyi sindidzakweranso," adatero. "Muziyenda ndi akazi anuwa."

Ndipo sadakweredi. Lamulungu lotsatira adaitana kabaza wa njinga yamoto, amene pokwera mtunda wa kutchalitchi ankachita kupemphera mokweza. A Yoramu adatsatira pambuyo okha, Valiyanti itakweza phewa la kumanzere, ikukokera mbali imodzi ngati ng'ombe yokana goli. Akadatha kuimasula bawuti ija kuti galimoto iwongoke, ntchito ya ola limodzi. Sadatero. Kumasula kukadakhala kuvomera kuti mpandowo ukhala wopanda munthu mpaka kalekale, ndipo zimenezo zidawaopsa kuposa kuseka kwa anthu. Padalibenso wowauza kuti akuthamanga pamene ngolo zikuwapitirira. Padalibe wotafuna nzimbe n'kumalavulira pa zenera. Galimoto idakula mkati ngati tchalitchi cha Lolemba.

Sabata yachitatu adaganiza zopepesa. Adalingalira kuti chimene chidawapweteka mayiwa ndi chiwerengero, ndiye m'mawa wina pa tiyi adayamba:

"A Nanyoni, ndaganizira bwino. Ndidalakwitsa kuwerenga. Inu simungakwane zisanu ndi imodzi. Mwina zinayi. Ndipotu masiku ano mwachepa thupi."

Kapu idaima m'malere.

"Ndachepa thupi? Ine? Mukundifunira matenda? Mwayamba kulengeza maliro anga ndili moyo?"

Tsiku limenelo a Yoramu adakadya kwa aneba.

Nkhani idafika ku Tsangano, ndipo kudabwera a Paison, mlongo wawo wa a Nanyoni, amenenso ndi ankhoswe a banjali. Ndi munthu amene sadaonepo mlamu wake popanda kumuseka. Adakhala atatu pansi pa mtengo wa pichesi.

"Alamu," adayamba a Paison, "ndamva kuti mwakwatira mitala. Ukwati wake mudakafunsira kwa ndani, kwa nkhumba?"

"Musaseke, alamu. Ndili pa moto."

"Sindikuseka, ndi mano chabe. Achemwali, nenani chakukhosi. Munthuyu wauma, watsala pang'ono kukwana m'ndowa imodzi."

A Nanyoni adakonza chitenje pa mawondo.

"Milandu ndi iwiri, achimwene. Woyamba ndi uwu. Ine ndine mwana wa ku Tsangano. Mbatata ya bambo athu ikafika ku Blantyre ogula ankavula zipewa. Ngati munthu wafuna kundiyerekeza ndi mbatata, asankhe yeniyeni, yaikulu, yosalala, ya tchipisi. Osati zotsalira za nkhumba. Amayi a Chigwirizano adaziona zikugubuduzika pabwalo panga."

Nkhope ya a Paison idasintha. Kuseka kudatha.

"Alamu, apa ndiye mwalakwira mtundu wonse. Zobiriwira?"

"Zabwino zidali zitasokedwa kale."

"Mukadamasula! Thumba limasokedwanso. Singano mulibe?"

"Wachiwiri ndiye waukulu," adapitiriza a Nanyoni. "Inu mukudziwa kuti ndidabwera kuno ndili ngati chingwe. Ndakhala pa banja ili zaka makumi atatu ndi zisanu. Ndadya, ndakhuta, ndasungidwa, thupi labwera. Salome uja amayenda monyada pa msika chifukwa njinga ya mwamuna wake idapindika limu kawiri, ndipo aliyense amadziwa kuti Salome amasamalidwa. Ine ndikakwera galimoto, galimoto ili phee, ngati yanyamula nkhuku. Ndinkadziyang'ana pa galasi n'kumati, kodi maso angawa akundinamiza? Ndidafika pokakwera sikelo ya kuchigayo. Kumudzi kwathu komwe ankanong'ona kuti thupi la Sellina ndi la mphepo chabe, taonani galimoto siikumva. Osadziwa kuti pali munthu amene Lachinayi amalowa pansi n'kumafufuta ntchito yanga yonse ndi sipanala!"

A Yoramu kukamwa kudangoti yasa.

"Ine ndinkati ndikukubisirani manyazi."

"Manyazi a chiyani? Ndidaba?"

A Paison adayang'ana kumwamba, m'masamba a pichesi, mpaka nkhope idawabwerera.

"Ndiye chigamulo chanu, achemwali?"

"Amasule. Zonse zimene adamanga chibadwire Lufina abweze. Galimoto ipendekeke, anthu aone. Akatero ndikwera. Apo ayi, ndipitiriza ndi kabaza."

"Hayikona!" A Yoramu adaimirira. "Idzakokera kumanzere. Tayala lidzadyeka mbali imodzi. Anthu adzati Yoramu wakalamba, galimoto yamulaka."

"Muziyenda pang'onopang'ono. Anthu aonetsetse."

"Ndikamasula zonse tayala likanikizika ndi madigadi. Sitichoka n'komwe pabwalo pano."

Apa a Paison adaona kuti mlamu wawo akunena za ntchito, nalowererapo monga achitira pogulitsa mbatata kwa a lole, uyu atsike pang'ono, uyu akwere pang'ono. Adagwirizana kuti bawuti imasulidwe mpaka pakati pa tayala ndi madigadi patsale malo a zala zitatu, mayi ali pa mpando.

"Chabwino," a Yoramu adavomera msangamsanga. "Zala zake zikhale zanu, a Nanyoni. Mwa ulemu."

A Nanyoni adayang'ana zala zawo, zonenepa ngati nthochi, nayang'ana za amuna awo, zonga mapensulo.

"Mwaonatu, achimwene? Ayambanso kuba. Zala zanu, abambo a Lufina."

Loweruka ntchito idagwiridwa chitseko cha shedi chili chotsegula, ndipo kwa nthawi yoyamba pa mpando padakhala mwini wake. Za jeke a Nanyoni adakana. Adati akangotsika wina awabera. Choncho a Yoramu adakwawira pansi chagada, galimoto ili ndi katundu wake yense, ndipo tsiku limenelo kuonda kudawathandiza. Adayamba kumasula ndi paipi ija, thukuta lili kamukamu. Bawuti inkalira ngati ikudandaula. Akazunguza kamodzi, Valiyanti inkatsika pang'ono.

"Eya," ankatero a Nanyoni pamwamba, akukukuta chimanga chootcha. "Ndayamba kumveka. Pitirizani."

Patapita nthawi a Yoramu adatuluka, nalowetsa dzanja pa tayala.

"Zakwana zitatu."

"Achimwene, tayang'anani."

A Paison adagwada.

"Alamu, zalazo mwazitambasula ngati mukuwotha moto. Ziphatikeni."

A Yoramu adabwerera pansi akung'ung'udza mawu awo aja a kumgodi. Zitakwanadi zitatu, adati akwere pa bampala adumphe kuti zitsulo zikhazikike, koma a Nanyoni adati asavutike. Adangodzikonza kakhalidwe kamodzi, galimoto yonse n'kuti jidi, kukhazikika.

M'mawa mwake adanyamuka. Valiyanti idatuluka m'kamsewu kafumbi itagwa mbali ya kumanzere moti ndi a ku Mozambique omwe adatha kuona. A Yoramu adakokera chipewa mpaka pamphuno, manja onse awiri akulimbana ndi chiwongolero. A Nanyoni adatsitsa galasi mpaka pansi, chigongono panja, akupereka moni kwa anthu amene sadawapatsepo moni chibadwire.

Pa hampu yoyamba, pamene liwiro lidafanana ndi la munthu woyenda pansi, adawathamangira Steve, makaniko wa pansi pa mtengo pa Lizulu, sipanala ili m'thumba la ovolosi.

"Madala! Toshoni yanu ya kumanzere yatopa. Mubweretse mawa ndikukwezereni, mphindi khumi zokha."

Kwa a Yoramu mawu amenewa adali ngati kulavuliridwa m'maso. Iwo kuphunzitsidwa za toshoni ndi mwana wobadwa galimotoyo itakalamba kale! Adatsegula pakamwa kuti afotokoze zonse, kuti bawutiyo aimasula dala, kuti iwo sadayambe wayendetsapo chinthu chopendekeka. Kenaka adayang'ana kumanzere. A Nanyoni maso adali kutsogolo, akudikira.

"Sidatope, mwana iwe," adatero a Yoramu mokweza, kuti ndi ogulitsa tomato omwe amve. "Yanyamula munthu."

Adadutsa mahampu onse. Kenaka a Nanyoni adawagwira amuna awo pa bondo, chinthu chimene sadachitepo pa msewu.

"Tembenuzani, abambo a Lufina. Salome adali atawerama kumanga nsapato, sadaone."

A Yoramu adayang'ana wotchi. Belu la kutchalitchi lidali litalira kale kachiwiri. Adatulutsa dzanja pa zenera, natembenuza.